Musanatsitse dishi padenga: mmene mungasamukire ku kanema wa pa intaneti kuno ku Chigwa cha Shire

Funso lake limakhala limodzimodzi, kaya munthu wachokera ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula kapena kutsidya kwa Makhanga: "Achimwene, dikoda yanditopetsa. Ndikasiya kulipira n'kumangoonera pa intaneti, ndalama ipulumuka?" Ndayankha mpaka kukhosi kuuma, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera pano.

Funsoli linakula mu August 2023, pamene MultiChoice inalengeza kuti DStv ikuchoka m'Malawi chifukwa chosamvana ndi MACRA pa nkhani ya mitengo. Inabwereranso mu December chaka chomwecho, koma mu November kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chodalira ndalama zakunja chinayamba kuluma. Kuchokera nthawi imeneyo aliyense amafuna njira ina.

Yankho langa n'lakuti ena ndalama imapulumuka, ena amaononga kuposa kale. Chosiyanitsa si kukongola kwa TV yanu ayi, koma maola amene TV imayaka m'nyumba mwanu ndi mphamvu ya netiweki pamalo pamene nyumbayo ili. Dishi ili ngati mjigo: mwasonkha ya pamwezi, tungani mmene mungafunire. Intaneti ndi madzi ogula pachigubu, chigubu chilichonse chili ndi mtengo wake. Tsatirani masitepe awa mwadongosolo lake, ndipo musagule kalikonse musanafike pa nambala 4.

1. Lembani zimene nyumba yanu imaonera

Tengani kope la mwana, musiye pafupi ndi rimoti kwa sabata imodzi. TV ikayaka lembani nthawi, ikazima lembaninso, pambali mulembe kuti amaonera ndani ndipo amaonera chiyani: nkhani, mpira, mafilimu, makatuni, mapemphero. Musalembe zapamutu. Bambo a m'nyumba amati "ife timangoonera nkhani za madzulo basi" chifukwa masana amakhala ali kumunda wa nzimbe kapena kumsika, osadziwa kuti ana akaweruka kusukulu TV imayaka mpaka dzuwa kulowa. Muwerengenso maola amene imangolankhula yokha anthu ali panja akuthawa kutentha. Pa dishi maola amenewo salipiritsa. Pa intaneti amalipiritsa onse.

2. Yesani netiweki pamene pali TV pomwepo

Streaming ndi kuonera kanema akamabwera kudzera pa intaneti nthawi yomweyo, osadikira kuti ayambe walowa yense mufoni. Ndiye netiweki ikangofooka pang'ono, chithunzi chimaima, kachizindikiro n'kumangozungulira pakati.

Pezani foni ya 4G ndi makadi onse awiri, ya TNM ndi ya Airtel, ngakhale mutachita kubwereka. Imani pamene pali TV, mutsegule fast.com kapena Speedtest, muone nambala imene ituluke. Nambalayo ndi Mbps, kutanthauza liwiro limene intaneti ikufikira kwa inu. Netflix yomwe imanena kuti pamafunika 3 Mbps kuti muone chithunzi cha 720p, ndi 5 Mbps pa 1080p (nambala yothera ndi p ikakula, chithunzi chimaoneka bwino kwambiri). Nambala yanu ikamakanika kufika 2, musavutike n'kupitiriza. Nkhani pa foni muzimva, koma TV ikusautsani.

Cholakwika cha anthu ambiri ndi kuyesa m'mawa. M'mawa netiweki imathamanga chifukwa anthu ali kuntchito. Yesani pakati pa 6 ndi 9 koloko madzulo, nthawi imene tawala imodzi ikugawira tawuni yonse, ndipo muyesenso Loweruka masana mpira uli mkati. Muchite zimenezi masiku angapo. Dziwani kuti kuyesako kumadya data, ndiye musangobwereza mosalekeza.

Yang'anani kachilembo kamene kali pambali pa timizere ta netiweki. 4G kapena LTE zili bwino. H+ ndi 3G zimatheka movutikira. E ndi yongotumizira mauthenga. Timizere todzadza sitikutanthauza kuti intaneti ndi yothamanga, timangosonyeza kuti tawala ili pafupi.

Malata ndi makoma a njerwa zootcha amatchinga netiweki. Mukapeza kuti pabalaza pali 1 Mbps koma pawindo loyang'ana kumsewu wa M1 pali 6, ndiye kuti rauta yanu, kabokosi kolowa simu kamene kamagawa intaneti m'nyumba, idzakhala pawindo limenelo, TV izilandira kudzera pa Wi-Fi.

Inu a ku Marka, a Nsanje Boma ndi ena oyandikana ndi malire, pali chinthu china. Foni imatha kudumphira yokha pa netiweki ya ku Mozambique monga Movitel kapena Vodacom. Ikatero bandulo yanu yakuno siigwira, ndipo mayunitsi amatha kupita pa mtengo wakunja. Lowani m'ma settings, muzimitse data roaming, ndipo posankha netiweki muchotse pa automatic, musankhe nokha TNM kapena Airtel.

3. Chitani masamu a data

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, chifukwa amalembedwa ndi anthu okhala kumene intaneti imabwera pa chingwe ndipo saiwerengera. Ife kuno timagula bandulo, ndipo bandulo imatha.

Data imayezedwa ndi MB ndi GB. GB imodzi ndi ma MB pafupifupi 1,000. Kuchuluka kwa data imene ola limodzi limadya kumadalira kuoneka bwino kwa chithunzi, ndipo kumeneko n'kumene manambala othera ndi p amanena. Mongoyerekeza, ola limodzi limadya chonchi:

360p, pafupifupi 0.3 GB. Pa foni chimaoneka bwinobwino, pa TV nkhope zimachita chimbuuzi.
480p, pakati pa 0.5 ndi 0.7 GB. Pa TV ya mainchesi 32, mutakhala pampando wa kukhoma linalo, palibe angadandaule.
720p, pakati pa 1 ndi 1.5 GB.
1080p, mpaka 3 GB.
4K, mpaka 7 GB. Imeneyi muiwale.

Tsopano tengani kope lija. Tinene kuti nyumba yanu imaonera maola 3 patsiku pa 480p, ndipo ola tiliwerengere 0.6 GB. Patsiku ndi 1.8 GB, pamwezi 54 GB. Maola atatu omwewo pa 1080p ndi 270 GB. Mwezi wa holide, ana akamaonera maola 8 patsiku, ngakhale pa 480p ndi 144 GB. Munthu wokhala yekha amene amaonera ola limodzi asanagone amangofuna 18 GB. Mwaona kusiyana kwake? Nyumba ziwiri zoyandikana, TV zofanana, koma ina ikufuna data yochuluka kasanu ndi katatu kuposa inzake.

Mpira uwerengereni padera. Masewero amodzi, kuphatikiza kupumulira ndi mphindi zoonjezera, ndi maola awiri, ndipo mpira pa 480p suoneka, mumangoona anthu akuthamangira chinthu chimene inu simukuchiona. Pamafunika 720p, ndiye kuti 2 mpaka 3 GB masewero amodzi. Masewero 8 pamwezi ndi 16 mpaka 24 GB.

Kenako pezani mtengo wa GB imodzi. Tsegulani app ya kampani yanu kapena mufunse kwa ejenti, muone bandulo ya pamwezi, mugawe mtengo wake ndi ma GB amene ali mkati. Sindilemba mitengo pano chifukwa imasinthasintha. Tingoyerekeza kuti masamu anu akupatsani K1,000 pa GB: nyumba ya 54 GB ija ndi K54,000 pamwezi, munthu wa 18 GB ndi K18,000. Ikani nambala yanu yeniyeni m'malo mwa K1,000 imeneyo. Bandulo yaikulu nthawi zambiri imatsika mtengo pa GB kuposa timabandulo ta tsiku limodzi, ndiye amene amagula ka tsiku ndi tsiku ndi amene amalipira kwambiri, koma sazindikira chifukwa ndalama imachoka pang'onopang'ono.

Pa nambala mwapezayo onjezerani kotala yake, chifukwa rauta ikangolowa m'nyumba mafoni onse amalumikizika, a mlamu omwe abwera kudzacheza nawonso amapempha pasiwedi. Onjezerani ndalama ya pamwezi ya app iliyonse yolipira. Onjezerani mtengo wa zipangizo zimene mugule mutaugawa miyezi 12. Chimene chatuluka ndi chimene muyerekeze ndi ndalama ya dishi.

Musanasangalale ndi mawu akuti unlimited, funsani malire ake. Mabandulo otere kawirikawiri amakhala ndi mlingo, mukaufika liwiro amalichepetsa mpaka kanema osayenda. Funsaninso ngati bandulo ili ndi gawo lausiku lokha. Ya 20 GB imene theka lake limagwira pakati pa usiku ndi ya 10 GB kwa munthu wogona 9 koloko. Mabandulo a WhatsApp ndi Facebook sagwira pa YouTube kapena Netflix.

Masamu akakuuzani kuti intaneti ikudula kuposa dishi, akhulupirireni. Mwini golosale, malo odyera kapena malo omwera kumene TV imayaka kuyambira m'mawa mpaka usiku asasiye dishi. Banja la ana ambiri nalonso nthawi zambiri limapindula pongotsika phukusi, kuchoka pa Compact kupita pa Family kapena Access, kapena kuyerekeza ndi mitengo ya Azam TV ndi Zuku, kusiyana n'kusamukira pa bandulo. Amene amapulumutsa ndalama ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ena okhala okha kapena awiri, amene amalipira phukusi lonse koma amaonera pang'ono.

Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndipo imafika ngakhale kumene tawala kulibe. Koma chipangizo chake n'chodula, ndalama ya pamwezi imaposa maphukusi ambiri a dishi, ndipo imafuna magetsi osadukiza. Kwa mwini loji kapena ofesi amene intaneti amaifunira ntchito zina ili ndi phindu. Kuigulira TV yokha kuti mupulumutse ndalama n'kudzinamiza.

4. Gulani chokhacho chimene chikusowa

Ngati muli ndi smart TV, ndiye kuti YouTube ndi ma app ena ali kale mkati, chosowa ndi Wi-Fi basi. Ngati TV ndi yopyapyala koma si smart, yang'anani kumbuyo ngati pali bowo lolembedwa HDMI. Likakhalapo, gulani kabokosi ka Android TV kapena kandodo konga Chromecast kapena Fire TV Stick. TV yakale yachimbuyo, ya zingwe zitatu zija, yofiira, yoyera ndi yachikasu, imafuna kabokosi kamene kali ndi bowo la AV. Mufunse musanalipire.

Musathamangire chingwe cholumikiza foni ku TV. Mafoni ambiri otchipa satulutsa chithunzi kudzera pa bowo la tchaja, ndiye chingwecho mudzangochisunga m'kabati. Pita nayo foni yako kusitolo, wogulitsa akuyesere pamaso pako, ndimawauza choncho achinyamata onse.

Wi-Fi ingachokere pa hotspot ya foni yanu, kutanthauza foni kugawira zipangizo zina intaneti yake, pa MiFi, kamene ndi kachipangizo ka m'thumba kolowa simu ndipo kali ndi batire lake, kapena pa rauta ya pamagetsi. Poyamba gwiritsani foni, musaononge ndalama. Vuto lake n'lakuti mwini foni akatuluka TV imafa, ndipo wina akamuimbira kanema amatha kuima. Mukatsimikiza kuti mwasamukadi, mugule MiFi kapena rauta, ndipo mufunse ngati imalola simu ya kampani iliyonse kapena ndi yokhoma ku kampani imodzi.

Mabokosi amene amagulitsidwa ndi lonjezo lakuti "matchanelo onse a mpira, ulere mpaka kalekale" asiyeni. Matchanelowo ndi obedwa, tsiku lililonse akhoza kutsekedwa, ndipo wogulitsa simudzamupezanso. Data amadyabe ngati ena onse.

5. Tsekani mipata imene data imathawira

Chitani izi tsiku loyamba, ana asanagwire rimoti.

TV ikaona Wi-Fi imaganiza kuti intaneti ndi yaulere, ndiye imasankha yokha chithunzi chapamwamba kwambiri chimene netiweki ingakwanitse. N'chifukwa chake nyumba ya netiweki yamphamvu ndi imene bandulo imatha msanga. Pa YouTube, kanema akayamba, dinani kachizindikiro ka settings, mulowe pa Quality, musankhe 480p. Pa TV zambiri muyenera kumayang'ananso pa kanema wotsatira, chifukwa imabwerera pa Auto. Pa Netflix zimatheka kamodzi: lowani mu akaunti yanu pa browser, pa Playback settings musankhe Low kapena Medium pa dzina lililonse la woonera.

Zimitsani autoplay. Munthu amagona filimu ili mkati, TV n'kumapitiriza yokha kanema wina ndi wina mpaka tambala kulira. M'mawa mwake amabwera akudandaula kuti kampani yamubera data.

Zimitsani kudzikonza kokha kwa ma app, pa kabokosi ndi pa mafoni onse olumikizika, makamaka auto-update ya mu Play Store ndi kutumiza zithunzi ku Google Photos. Pa mafoni a Android mungathe kuuza foni kuti Wi-Fi imeneyi ndi metered, kutanthauza yowerengera, ndipo imayamba kudziletsa.

Mu simu ya rauta musasiyemo mayunitsi. Bandulo ikatha muli mkati moonera, intaneti ikhoza kuyamba kudya mayunitsiwo pa mtengo wokwera kwambiri. Ikani ndalama ya bandulo yokha, mugule, mutsale ziro.

Ngati kampani yanu ili ndi bandulo yausiku yotchipa, gwiritsani ntchito kutsitsira makanema mufoni. Netflix imalola kutsitsa mkati mwa app yake, YouTube nayo imalola makanema ena. Katuni imene mwana amaibwereza kakhumi, mukaitsitsa mumalipira kamodzi. Mukamaonera mwachindunji mumalipira kakhumi komweko.

6. Dziwani kumene zinthu zanu zili

Nkhani zakuno sizivuta. MBC, Zodiak, Times ndi Mibawa amaika mapulogalamu awo ambiri pa Facebook ndi YouTube, ena akuchitika nthawi yomweyo. Mapemphero, nyimbo, masewero a zisudzo akuno, maphunziro a ulimi, zonsezi zili pa YouTube popanda ndalama ya pamwezi. Ngati zimene mumafuna ndi matchanelo akuno okha, funsani anansi ngati dikoda ya Kiliye Kiliye imagwira m'dera lanu. Ikamagwira, simufunikira data n'komwe.

Netflix imalipidwa ndi khadi ya Visa kapena Mastercard, ndipo ndalamayo imapita kunja. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene tili nako, yambani mwafunsa kubanki ngati khadi yanu ikuloledwa kulipira pa intaneti kunja kwa dziko. Phukusi lawo lotchipitsitsa ndi la pafoni, silionetsa pa TV. Imadzidula yokha mwezi uliwonse, ndipo kufufuta app sikuimitsa kudulako, muyenera kulowa mu akaunti n'kuletsa. Anthu ogulitsa maakaunti "ogawana" pa WhatsApp muwasamale: mumatumiza ndalama, pakatha masiku pasiwedi yasinthidwa. PIN ya Mpamba kapena Airtel Money musapatse aliyense.

Mpira wa ku England ndi umene umabweza anthu ambiri ku dishi. Ufulu woonetsa Premier League kuno kwathu uli ndi SuperSport, ndiye kuuonera pa intaneti mwalamulo kumafunabe kulipira, data n'kukhala yapamwamba pake. Masamba aulere amadzadza ndi zotsatsa zonyansa ndi ma virus, ndipo amaima pa nthawi ya penate. Komanso chithunzi cha pa intaneti chimachedwa. Mumamva nyumba ya aneba yaphulika ndi chisangalalo, agalu akuuwa, kwanu wosewera akadakonza mpira pakona. Munthu amene mpira ndi moyo wake, koma amangofuna masewero a timu yake, amapulumutsa kwambiri pokaonera kuvidiyo sho ya pamsika Loweruka n'kusiya nyumba ili pa bandulo yaing'ono. A Bullets ndi Wanderers wailesi imaulutsa bwino lomwe.

Ganiziraninso agogo. Pa dikoda anazolowera kudina nambala imodzi. Pa YouTube pamafunika kulemba ndi kusankha, ndipo ambiri amangoisiya TV. Akonzereni matchanelo awo powadinira Subscribe kuti azionekera poyamba. Kwa ana ikani YouTube Kids, chifukwa YouTube wamba ilibe mpanda.

7. Magetsi ndi kutentha

Kuno mu October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo zipangizo zimamva ngati ife tomwe. Foni imene ikugawa hotspot uku ili pa tchaja imatentha mpaka kudzichepetsa liwiro, ndipo batire limayamba kufufuma. Ichotseni m'chikwama chake, muiike pa simenti kapena pamphepo. Rauta ya pawindo isaombedwe ndi dzuwa la masana, ndipo musaifunditse kansalu koluka ngati mmene timachitira ndi TV. Fumbi muzingolipukuta.

Magetsi a ESCOM akazima, foni ndi MiFi zimapitiriza, ndipo apa intaneti imaposa dikoda. Marauta ambiri amagwira ndi 12V, ndiye wokhala ndi sola angailumikize ku batire, bola awerenge kaye zolembedwa pa adaputala yake. Ikani chotetezera magetsi pa TV, ndipo mvula ya ziphaliwali ikayamba muzule zonse.

Koma tonse tikukumbukira January 2022, pamene namondwe Ana anaononga damu la Kapichira kuno ku Chikwawa n'kuchotsa pafupifupi 130 MW pa magetsi a dziko lonse, ndi March 2023 pamene kunabwera Freddy. Nthawi zotere matawala amadalira majenereta ndi mabatire, ndipo misewu ikaduka mafuta safika. Wailesi ya mabatire isachoke m'nyumba. Machenjezo a kusefukira kwa Shire, Mwanza ndi Ruo musawadikire pa YouTube.

8. Yesani mwezi umodzi dishi ikadali padenga

Dishi imalipidwa mwezi usanayambe, ndiye mukapanda kulipira amangotseka matchanelo, palibe ngongole. Dikirani tsiku limene phukusi lanu likutha, musalipire, mugule bandulo imene masamu anakuuzani. Lembani tsiku logula, ndipo Lamlungu lililonse muone ma GB otsala. Theka likatha sabata yoyamba, bwererani pa nambala 5, pali mpata umene simunatseke. Lembaninso kabandulo kalikonse koonjezera, ngakhale ka tsiku limodzi, chifukwa timeneti n'timene timabisa mtengo weniweni. Mwezi wa holide kapena wa mpikisano waukulu wa mpira si woyesera, sankhani mwezi wamba.

Mwezi ukatha yerekezani ndalama ziwirizo, ndipo mufunsenso a m'nyumba ngati akhutira. Ambiri amathera pakati: miyezi ina bandulo, ndipo ikafika AFCON kapena ana akatsekera sukulu amalipira dishi mwezi umodzi kapena iwiri. Pa chifukwa chimenechi dishi musaigulitse, ndipo musaitsitse, poti kuilozetsanso kumafuna kulipira mmisiri. Zulani dikoda, muisunge pouma, khadi yake ikhale momwemo ngati ili nayo, mulembe nambala yake m'kope lija, ndipo kumapeto kwa chingwe chochokera padenga mukulunge tepi kuti chisachite dzimbiri nyengo ya mvula.